Kapulogalamu ka kuseri kakafa, akadzutse ndani?

Zimene timaona pagalasi la kompyuta ndi mbali yochepa chabe ya ntchito imene ikuchitika. Kuseri kumakhala timapulogalamu tambirimbiri topanda zenera kapena batani: kena kakudikira munthu wofuna mafayilo kudzera panetiweki, kena kakulongedza zinthu zakale kuti malo asathe, kena kakuyang'anira foda kuti kadziwe chimene chasintha. Akatswiri amati ma daemon. Timapulogalamuti tikamayenda bwino palibe amene amatikumbukira, ndipo kamodzi kakafa sikatsanzika. Mwini kompyuta amadzazindikira patapita masiku, ntchito itayamba kuchedwa, kapena zimene ankaganiza kuti zinasungidwa zitapezeka kuti kulibe.

Funso limene lakhala likuvutitsa opanga mapulogalamu ndi lakuti: kapulogalamu kotere kakafa, kodi makina azikadzutsa okha, kapena azidikira munthu? Nkhaniyi imakula kwambiri tikafika pa mapulogalamu osunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo, monga Git, chifukwa m'menemo ndi mmene muli ntchito yonse ya anthu, ya dzulo ndi ya zaka zapitazo. Maganizo anga ndi akuti makina azidzutsa okha ndithu, koma aziwerenga kuti adzutsa kangati, azikayikira zimene kapulogalamuko kanasiya, ndipo aziuza munthu. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, kudzutsako kumasanduka njira yobisira vuto.

Kumene katswiri amakhala kutali

Maboma a Tsangano ndi Macanga ali kumtunda kwa chigawo cha Tete, m'malire ndi Malawi. Tsangano ndi dera lozizira la kachewere ndi tirigu, loyang'anizana ndi Ntcheu. Macanga, yomwe likulu lake ndi Furancungo, imadziwika ndi fodya ndi chimanga. Damu la Cahora Bassa, lotha kupanga mamegawati 2,075, lili m'chigawo chomwechi, koma mphamvu yonseyo siteteza nthambo yaitali yodutsa m'mapiri ku mphezi za dzinja. Kumidzi monga ku Chidzolomondo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame, amene ali ndi laputopu amaphunzira msanga kuwerengera batire, sola ndi jenereta. Netiweki ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel imatha kugwira bwino m'mawa n'kusowa masana.

Nthawi zina vuto limachokera kutali kwambiri. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa mtsinje wa Revúboè pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize, ndipo ku Malawi anawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mu Meyi 2024 nthambo ziwiri za intaneti za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinaduka, ndipo Mozambique ndi Malawi anali m'gulu la mayiko amene anavutika. Pa masiku ngati amenewo katswiri wa mumzinda sangafike pamalo, komanso sangalowe m'kompyutamo ali kutali.

Wina angafunse kuti Git ikukhudzana bwanji ndi dera la alimi. Ziwerengero za m'zipatala za ku Mozambique zimalowa mu SIS-MA, dongosolo la unduna wa zaumoyo lomangidwa pa DHIS2, pulogalamu imene imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo. Tsidya lina la malire, ku Neno, bungwe la Partners In Health lakhala likugwira ntchito kuyambira 2007 ndipo limagwiritsa ntchito OpenMRS posunga mbiri ya odwala. Mapulogalamu awiri onsewa amalembedwa ndi anthu a m'mayiko ambiri, ndipo zolemba zawo zimasungidwa ndi Git. Komanso pali achinyamata amene aphunzira zamakompyuta ku Tete n'kubwerera kwawo kukalembera gulu la alimi, sitolo kapena sukulu kapulogalamu kosunga mayina ndi ngongole. Kwa iwowa kompyuta yodzithandiza yokha ndi yofunika kuposa kwa mnzawo wa ku Maputo amene katswiri wake ali chipinda chachiwiri.

Antchito a kuseri a Git

Linus Torvalds analemba Git mu Epulo 2005, ndipo kuyambira Julayi chaka chomwecho woyang'anira wake ndi Junio Hamano. Poyamba Git inali ya malamulo afupiafupi: walemba lamulo, lagwira ntchito, latha. Koma nkhokwe za mafayilo zitakula, panabadwa ntchito zina zimene sizingadikire kuti munthu azilamule.

Yoyamba ndi kulongedza. Git imasunga chilichonse chatsopano ngati kafayilo kapadera, ndipo timafayiloti tikapitirira pafupifupi 6,700, lamulo la git gc limadziyambitsa lokha n'kupita kuseri kukatimanga pamodzi. Kumapeto kwa 2020 kunabwera git maintenance, imene imaika ntchito zoterezi pa ndandanda: zina ola lililonse, zina tsiku lililonse, zina mlungu uliwonse. Yachiwiri ndi kulondera foda. Microsoft itasamutsira zolemba za Windows mu Git mu 2017, mafayilo pafupifupi 3.5 miliyoni, kungofunsa kuti chasintha n'chiyani kunkatenga nthawi yaitali. Choncho mu 2022 Git inalandira fsmonitor, kapulogalamu kamene pa Windows ndi macOS kamakhala maso nthawi zonse n'kumalemba mafayilo amene akhudzidwa. Yachitatu ndi kusunga mawu achinsinsi kwa kanthawi, mwachizolowezi masekondi 900, kuti munthu asamalembe mobwerezabwereza. Yachinayi ndi git daemon, imene imadikira pa doko la 9418 kuti ipereke mafayilo kwa makompyuta ena. Pamwamba pa zonsezi pali maseva athunthu monga GitLab, Gitea ndi Forgejo, amene ali ndi antchito awoawo a kuseri.

Aliyense wa antchitowa amafa mosiyana, ndipo imfa yake imasiya zosiyana. Wosunga mawu achinsinsi akafa, palibe chatayika: mudzangofunsidwanso. Wolondera foda akafa, pamakhala nthawi imene palibe ankaona. Wolongedza akafa, amasiya ntchito yatheka. Wopereka mafayilo akafa, ofesi yonse imaima. Choncho lamulo limodzi lakuti dzutsani chilichonse silingakwane onse.

Chifukwa chake kudzutsa kumathandiza

Aliyense amene anagwirapo foni amadziwa kuti ikahang'a, kuzimitsa n'kuyatsanso kumathandiza. Akatswiri anafufuza chifukwa chake kalekale. Mu 1985 Jim Gray, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya Tandem, analemba kuti zolakwika zambiri zimene zimatsalira m'pulogalamu yoyesedwa bwino ndi zija zongochitika zinthu zikakumana mwangozi: malo okumbukira adzaza pa mphindi yolakwika, mauthenga awiri afika pamodzi, netiweki yaduka pakati pa chiganizo. Mukayambiranso, ngoziyo kawirikawiri sibwereranso.

Ku kampani ya Ericsson, Joe Armstrong ndi anzake anamanga chilankhulo cha Erlang, chimene chinayamba mu 1986, pa nzeru yomweyi. M'malo moyesa kuchiza kapulogalamu kosokonezeka kali moyo, amakalola kufa, ndipo kena kamene ntchito yake ndi kulondera kamayambitsa katsopano koyera. Mu 2003 George Candea ndi Armando Fox anapita patsogolo ponena kuti pulogalamu izimangidwa m'njira yakuti kuithimitsa mwadzidzidzi kukhale kotetezeka ngati kuitseka mwadongosolo. Kwa ife amene magetsi amathima osachenjeza, mfundo imeneyi ndi yaikulu, pakuti kompyuta ya ku Furancungo imafa mwadzidzidzi kawirikawiri popanda cholakwika chilichonse m'pulogalamu.

Git inamangidwa moganizira zimenezi. Chinthu chikalowa m'mbiri sichilembedwanso pamwamba. Chatsopano chimalembedwa kaye pambali, kenako n'kupatsidwa dzina lake lenileni chitatha. Wolongedza akafera panjira, zakale zimakhala zilipobe, ndipo chimene chatsala ndi zinyalala zimene zidzasesedwe ulendo wina. N'chifukwa chake kuyambiranso ntchito zambiri za Git kulibe choopsa.

Pamene kudzutsa kumawononga

Woyendetsa chigayo cha dizilo injini ikazima amaipukusanso, ndipo nthawi zambiri imalira n'kupitiriza. Ikazima kachiwiri ndi kachitatu pa malo omwewo, wanzeru amasiya kupukusa n'kutsegula kuti aone ngati mwalowa mwala kapena chitsulo, chifukwa kupitiriza n'kuswa sefa ndi kudula lamba. Makina odzutsa mapulogalamu alibe nzeru imeneyi pokhapokha munthu ataiikamo.

Choopsa choyamba ndi kuzungulira pamodzimodzi. Ngati chapha kapulogalamu ndi disiki yodzaza, fayilo yowonongeka kapena makonzedwe olakwika, kadzafanso nthawi iliyonse kakadzutsidwa. Dziko lonse linaona zimenezi pa 19 Julayi 2024, pamene fayilo yolakwika ya kampani ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni. Ambiri ankayaka, kuwerenga fayilo yomweyo, kugwa, n'kuyakanso, mpaka anthu anachita kupita pa kompyuta iliyonse kukachotsa fayiloyo ndi manja. Pa seva yaing'ono yoyendera sola, kuzungulira kotere kumamaliza batire, kumadzaza disiki ndi malipoti, ndipo ngati ulendo uliwonse kapulogalamuko kakuyambiranso kukoka mafayilo, kamadya bando yonse ya mwezi.

Chachiwiri ndi kukhulupirira zakale. Wolondera foda akadzuka sadziwa chimene chinasintha iye atafa. Akanati ayankhe kuti palibe chasintha, Git ikanasiya kunja ntchito ya munthu. Apa opanga fsmonitor anachita bwino. Lamulo ngati git status likapeza kuti wolonderayo kulibe, limamuyambitsa. Koma watsopanoyo akafunsidwa za nthawi imene iye kunalibe, amayankha kuti sangatsimikize, ndipo Git imayendera mafayilo onse payokha. Ulendo umenewo umachedwa, koma yankho limakhala loona.

Chachitatu ndi mafayilo otsekera. Git ikamalemba ndandanda ya mafayilo okonzekera kusungidwa, imapanga kaye fayilo yotchedwa index.lock, imene imauza ena kuti adikire. Magetsi akathima pa mphindi imeneyo, fayiloyo imatsala. Mawa lake munthu walemba git add kapena git commit, ndipo Git ikukana, ikunena kuti zikuoneka kuti pali ntchito ina ya Git imene ikuyendabe, ndi kuti ngati palibe, mwiniwake achotse fayiloyo yekha. Ambiri amakwiya nazo n'kumafunsa chifukwa chake Git singochotsa yokha. Chifukwa chake ndi chakuti ikalakwitsa n'kuchotsa fayilo ya ntchito imene ili moyo, awiri adzalemba pamalo amodzi, ndipo madzi akatayika saoleka. Kwa wolongedza zinthu n'zosiyana: fayilo yake, gc.pid, imakhala ndi nambala ya ntchitoyo ndi dzina la kompyuta, choncho Git imatha kufufuza ngati mwiniwake akadali moyo, ndipo fayilo yopitirira maola 12 imaiona kuti ndi yotha ntchito. Makina angachotse chotsekera pokhapokha ali ndi umboni. Ogwiritsa ntchito Subversion, pulogalamu ina yosunga mbiri ya mafayilo, amadziwa zofananazi, pakuti ntchito ikadukira panjira amayamba alamula svn cleanup.

Chachinayi, chimene chimandidetsa nkhawa koposa, ndi kukhala chete. Pa 31 Januwale 2017 wogwira ntchito ku GitLab anafufuta mwangozi nkhokwe yaikulu ya zinthu za makasitomala. Atathamangira ku zosunga zapadera, anapeza kuti ntchito ya kuseri yokopera nkhokweyo inali ikulephera kwa nthawi ndithu, ndipo maimelo ochenjeza ankakanidwa osafika kwa aliyense. Anataya zinthu za maola pafupifupi 6. Kampaniyo inafotokoza zonsezi poyera, ndipo phunziro lake n'lakuti ntchito ya kuseri ikhoza kumayamba pa nthawi yake tsiku ndi tsiku n'kumalephera tsiku ndi tsiku, anthu ali phee.

Adzutse ndani, ndipo kangati?

Pali njira zitatu. Yoyamba ndi yakuti pulogalamu yofuna thandizo idzutse yokha mnzakeyo pamene ikumufuna, monga zimachitikira ndi fsmonitor ndi wosunga mawu achinsinsi. Ubwino wake ndi wakuti palibe kuzungulira usiku wonse, chifukwa kudzutsa kumachitika munthu akalamula chinthu.

Yachiwiri ndi kupewa kukhala ndi wodikira nthawi zonse. Anthu akamatenga mafayilo kudzera pa SSH, seva imayambitsa ntchito ya Git yatsopano pa munthu aliyense, ndipo ikatha imatseka. Nayo git daemon ikhoza kukonzedwa kuti iziyambitsidwa ndi kapulogalamu kotchedwa inetd pa pempho lililonse. Ntchito za git maintenance zili m'gulu lomweli: ya ola lino ikalephera, ya ola lotsatira idzabwera. Pa Linux, zikamayendera mawotchi a systemd (mlonda amene timufotokoze pansipa), njira imene inawonjezedwa mu 2021, ntchito imene inaphonyedwa kompyuta ili yozima imachitika ikangoyaka. Njira yakale ya cron simachita zimenezo, ndipo kusiyana kumeneku n'kwakukulu kwa kompyuta imene imazima dzuwa likalowa.

Yachitatu ndi kusiyira ntchitoyi mlonda wa kompyuta yonse. Pa Linux yambiri lero mlondayo ndi systemd, imene Lennart Poettering ndi Kay Sievers anaitulutsa mu 2010. Mzere umodzi, Restart=on-failure, umauza systemd kuti idzutse pulogalamu ikafa molakwika. Windows nayo imalola kusankha chochita pa kulephera koyamba, kwachiwiri ndi kotsatira. Njira imeneyi ndi yoyenera kwa seva yopereka mafayilo, popeza pulogalamu yakufa singadzidzutse, ndipo mlonda wolembedwa mothamanga mkati mwa pulogalamu yomweyo amafera limodzi nayo.

Koma manambala amene systemd imabwera nawo ayenera kuonedwa bwino. Imadikira gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi isanadzutse, ndipo pulogalamu ikayambitsidwa koposa ka 5 m'masekondi 10 imaisiya. Taganizani magetsi abwerera ku ofesi ya ku Tsangano. Kompyuta yayaka msanga, koma rauta ikufufuzabe netiweki. Pulogalamu yodalira netiweki yayesa, yafa, yayesa, yafa, ndipo mwayi wake wonse watha m'kanthawi kochepa. Netiweki ikafika patapita mphindi ziwiri, palibenso woyesa. Mankhwala ake ndi kutalikitsa nthawi yodikira, mwachitsanzo RestartSec=30. Komatu mukatero malire a masekondi 10 aja sadzafikidwanso, ndipo pulogalamu yowonongekadi idzazungulira mpaka kalekale. Choncho muyenera kutalikitsanso nthawi yowerengera kulephera, mwina kufika mphindi 15 kapena 30.

Njira yabwino koposa ndi kudikira mowonjezera. Kubernetes, pulogalamu yoyang'anira mapulogalamu pa maseva ambiri, imadikira masekondi 10, kenako 20, kenako 40, mpaka kufika mphindi 5. Kuyambira 2023 systemd nayo imatha kuchita chimodzimodzi. Git ili ndi chitsanzo chake chofatsa: wolongedza wa kuseri akalephera amalemba chifukwa mu gc.log, ndipo kwa tsiku limodzi Git siyesanso yokha koma imaonetsa uthengawo kwa munthu. Tsiku likatha imayesanso. Pamenepo pali zinthu zitatu: kuyesanso, malire, ndi kuuza munthu.

Zoyenera seva yaing'ono ya kumudzi

Tiyerekeze gulu la achinyamata atatu ku Furancungo lili ndi kompyuta yakale imene yasandutsidwa seva ya Git. Chinthu choyamba sichili mu Git n'komwe. Mu BIOS ya makompyuta ambiri muli posankha kuti magetsi akabwerera kompyuta iziyaka yokha. Popanda zimenezo mlonda aliyense ali mtulo limodzi ndi makinawo. Chachiwiri ndi UPS kapena batire, ngakhale yaing'ono, yoti ipereke mphindi zochepa zotsekera bwino. Laputopu yakale yokhala ndi batire yamoyo imachita ntchito imeneyi popanda kugula china.

Chachitatu ndi kuonetsetsa kuti zolembedwa zafikadi padisiki. Kompyuta imasunga kaye zinthu m'malo okumbukira isanazilembe, ndipo magetsi akathima pakatipo pamatha kutsala fayilo yokhala ndi dzina koma yopanda kanthu mkati. Git ikakumana nayo imadandaula kuti fayilo ya chinthu chakuti ilibe kanthu, ndipo kudzutsa kangati konse sikungabwezeretse. Mu 2022 Git inawonjezera makonzedwe a core.fsync olola mwini kusankha zimene ziyenera kukakamizidwa kulowa padisiki nthawi yomweyo. Kumene magetsi ndi osadalirika, ndi bwino kulola kuchedwa pang'ono kumeneko. Ndipo kompyuta ikayaka itathima mwadzidzidzi, git fsck iyendere nkhokwe yonse wina asanayambe kulembamo.

Chachinayi ndi kukhala ndi makope. Aliyense amene watenga nkhokwe ya Git amakhala ndi mbiri yonse pa laputopu yake, choncho anthu atatu ndi makope atatu, malinga ngati amatumizirana kawirikawiri. Netiweki ikasowa, lamulo la git bundle limamanga mbiriyo mu fayilo imodzi yoti ikwere pa fulashi n'kupita ndi wa njinga yamoto ku Ulongwe kapena ku Tete.

Chachisanu ndi uthenga. Mu systemd muli OnFailure, imene imayambitsa ntchito ina pulogalamu ikalephereratu, ndipo ntchitoyo ikhoza kutumiza SMS, yomwe imadutsa ngakhale pamene intaneti yakana. Koma nkhani ya GitLab ikutiphunzitsa kuti wochenjezayo nayenso amafa. Choncho ndi bwino seva izitumiza kauthenga kakafupi tsiku lililonse konena kuti zonse zayenda, kapena kuti yadzutsa chakuti kangapo. Tsiku limene uthengawo sunafike, woyang'anira adziwe kuti ayenera kuimba foni. Ndipo pakhoma pafupi ndi kompyutayo pakhale pepala lolembedwa m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi lofotokoza zochita: kuona kaye ngati palibe ntchito ya Git imene ikuyenda musanachotse index.lock, kuona ngati disiki yadzaza, ndi woyenera kumuimbira.

Udindo umatsala kwa munthu

Mapulogalamu ambiri amene timagwiritsa ntchito amalembedwa ndi anthu amene magetsi awo sathima ndipo netiweki yawo siduka, choncho manambala amene amaikamo amayenera malo awowo. Achinyamata athu a ku Tete, Ntcheu, Dedza ndi Angónia ali ndi chidziwitso chimene opangawo akuchisowa, chifukwa amaona tsiku ndi tsiku mmene pulogalamu imachitira ikadulidwa pakati. Git, DHIS2, OpenMRS ndi systemd zonse n'zotseguka kwa aliyense, ndipo lipoti lolembedwa bwino lofotokoza chimene chinachitika magetsi atathima ndi thandizo lenileni kwa amene amazikonza.

Makina azidzutsa timapulogalamu tawo, chifukwa namwino, mphunzitsi kapena mlembi wa gulu la alimi sayenera kuima ntchito mlungu wonse podikira munthu wodzangodina batani. Koma kudzutsa kulikonse kuzilembedwa, kukhale ndi malire, ndipo pakhale munthu wodziwika dzina amene amawerenga malipotiwo kamodzi pa mlungu n'kufunsa chimene chinapha kapulogalamuko. Seva imene yadzidzutsa ka 40 m'mwezi umodzi ili ndi vuto limene likukula, kaya ndi disiki yokalamba, batire yotha kapena cholakwika m'pulogalamu, ndipo nthawi yabwino yolipeza ndi pamene mbiri ya ntchito ikadali yathunthu.